Lipoti la msonkhano wa nkhanza za m'zibwenzi za ana asukulu: zomwe ndinamva, ndi komwe ndalama zimapita

Wapampando, a mlembi, a msungichuma, makolo ndi aphunzitsi anzanga,

Munandituma ku msonkhano uja wa masiku atatu ndi mafunso awiri. Loyamba linali lakuti: kodi ulipo umboni woti sukulu ingachepetse nkhanza zomwe ana amachitirana m'zibwenzi? Lachiwiri linachokera kwa a msungichuma, ndipo anandibwerezera kawiri ndisananyamuke: zidya ndalama zingati? Ndabwera nawo mayankho onse awiri. Pepani kuti lipotili latalika, koma ndaona kuti ndikangokuponyerani manambala osanena komwe achokera, tidzagula chinthu cholakwika.

Mwachidule, umboni ulipo, ngakhale si waukulu monga ena amaukokomezera. Ndipo ndalama zambiri sizipita ku mabuku ayi. Zimapita ku nthawi ya munthu amene amaima pamaso pa ana.

Kumsonkhanoko kunali aphunzitsi, anamwino a m'sukulu, ofufuza a m'mayunivesite, ndi anthu ogwira ntchito m'malo othandizira amayi ndi atsikana ochitiridwa nkhanza. M'mawa wa tsiku loyamba tinakambirana za kukula kwa vutoli. Sindichedwapo, poti ambiri a inu mumaliona ndi maso ana akamaweruka. Koma chiwerengero chimodzi ndinachilemba n'kuchizunguliza ndi cholembera. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linapeza kuti mwa atsikana 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 omwe anakhalapo pa chibwenzi kapena pa banja, 24 anamenyedwapo kapena kukakamizidwa kugonana ndi mwamuna yemwe anali naye. Ndiye kuti pafupifupi mtsikana mmodzi mwa anayi, asanakwanitse n'komwe zaka 20. Ku United States, kumene boma limafunsa ana a sekondale mafunso otere zaka ziwiri zilizonse, mu 2019 pafupifupi mwana mmodzi mwa 12 mwa omwe anali pa chibwenzi anati anamenyedwa kapena kuvulazidwa ndi bwenzi lake m'chaka chapitacho, ndipo anyamata nawonso alimo m'chiwerengerocho. Ofufuza omwe anatsatira achinyamata a m'dzikomo kwa zaka zisanu anapeza kuti amene anachitiridwa nkhanza m'chibwenzi cha kusukulu amakhala pa chiopsezo chachikulu chochitiridwanso zomwezo atakula. M'mera mpoyamba. N'chifukwa chake mapulogalamu ambiri omwe tinawamva amayamba ndi ana a zaka 11 mpaka 15, khalidwelo lisanazike mizu.

Masana ake anatigawa awiriawiri kuti tichite kasewero. Wina akhale mnyamata, wina mtsikana, ndipo mnyamatayo anapatsidwa kapepala ka mawu oti anene. Munalibe kumenyana. Mnyamata amangofunsa kuti bwanji wandiyankha uthenga mochedwa, bweretsa foni ndione omwe umacheza nawo, ngati umandikondadi undiuze pasiwedi, mnzako uja sindimufuna, ukadzandisiya zithunzi zako zija ndidzazitumiza ku kalasi yonse. Ine ndinali mtsikana. Amene ndinali nawo anali bambo aulemu, aphunzitsi a masamu, ndipo ankawerenga mwamanyazi, maso ali pa pepala. Komabe pofika pa mzere wachinayi ndinapezeka ndikupepesa. Palibe anandiuza kuti ndipepese, mawu anangotuluka okha. Titamaliza, wotitsogolera anawerenganso kapepalako mokweza, natiuza kuti aliyense akweze dzanja pomwe akuona kuti nkhanza zayambira. Manja anakwera pa mizere yosiyanasiyana, ndipo ena anadikira mpaka pa zithunzi paja. Tonse tinali akuluakulu, ambiri a ife makolo. Ngati ifeyo sitikugwirizana, nanga mwana wa zaka 14 yemwe akumva koyamba mawu oti ndimakukonda, adziwa bwanji kuti nsanje yotere si chikondi?

Ndili pampandopo ndinakumbukira mtsikana wina yemwe ndinamuphunzitsa zaka zingapo zapitazo. Dzina sinditchula, ndipo chonde musandifunse. Ankakhala kutsogolo, wokonda kukweza dzanja. Teremu ina anasamukira kumbuyo, n'kuyamba kulongedza mabuku belu lisanalire, chifukwa panja panali womudikirira yemwe ankamuwerengera mphindi. Tsiku lina anatsalira m'kalasi anzake atatuluka. Anaima pafupi ndi tebulo langa akupindapinda ngodya ya kope lake, nandifunsa ngati n'zoyenera kuti munthu azikuletsa kucheza ndi anzako. Ndinamuyankha kuti pa msinkhu wake asiye zibwenzi, alimbikire sukulu. Mumtima mwanga ndinkati ndamulangiza. Iye anangoti chabwino, natuluka, ndipo sanabwerenso kwa ine ndi nkhani ina iliyonse. Chaka chisanathe anasiya sukulu. Sindinamuyankhe choncho chifukwa cha kuuma mtima. Sindinkadziwa choyankha, ndipo palibe anandiphunzitsapo. Ndalama zomwe tikambirane m'munsimu, kwenikweni ndi zochotsera kusadziwa kotereku.

Tsiku lachiwiri linali la mapulogalamu omwe anayesedwa mwadongosolo, kutanthauza kuti sukulu zina zinalandira pulogalamu, zina ayi, mosankhidwa mwa maere, kenako n'kuyerekeza ana a mbali ziwirizo pakapita nthawi. Wakale kwambiri ndi Safe Dates, womwe Vangie Foshee ndi anzake a ku yunivesite ya North Carolina ku United States anauyesa m'zaka za m'ma 1990 m'sukulu 14 za kumudzi m'chigawo chomwecho. Unali ndi maphunziro khumi a mphindi 45, sewero lochitidwa ndi ana okhaokha, ndi mpikisano wojambula maposita. Patatha zaka zinayi, ana omwe anadutsa mu pulogalamuyo ankanena za nkhanza zochepa, zochita ndi zochitiridwa zomwe, ndi 56 mpaka 92 peresenti kutengera mtundu wa nkhanzazo. Manambala amenewa amatchulidwa paliponse, koma wofotokoza anatitsina khutu kuti ana omwe anatsatidwa mpaka chaka chachinayi anali ochepa poyerekeza ndi omwe anayamba, choncho tisamawatenge ngati lonjezo. China chomwe chinandidabwitsa n'chakuti ofufuzawo anayesa kuonjezera chikumbutso pakati pa njira, kalata ya nkhani ndi foni yochokera kwa mlangizi wa zaumoyo, koma sichinaonjezere kanthu. Ndalama yoonjezera siibala zipatso zoonjezera nthawi zonse.

Womwe ndinautchera khutu kwambiri ndi Fourth R wa ku Ontario m'dziko la Canada, chifukwa ndi womwe ukufanana ndi zomwe sukulu wamba ingakwanitse. David Wolfe ndi anzake sanabweretse alendo oti aziphunzitsa. Anatenga aphunzitsi omwe analipo kale a phunziro la zaumoyo, anawaphunzitsa kwa maola asanu ndi limodzi, n'kuwapatsa maphunziro 21 oti alowe m'malo mwa zomwe ankaphunzitsa kale mu giredi 9. Ana ankayeserera, osati kumangomvetsera: momwe ungakanire, momwe ungazengerezere pamene anzako akukukakamiza, momwe ungathetsere chibwenzi popanda kunyozana, momwe ungapepesere. Anyamata ndi atsikana ankaphunzira padera. Anayesa pa ana 1,722 m'sukulu 20, ndipo patatha zaka ziwiri ndi theka, 7.4 peresenti ya ana a m'sukulu za pulogalamu anavomera kuti anamenyapo kapena kukankha bwenzi lawo, pamene m'sukulu zinazo anali 9.8 peresenti. Kusiyanako kukuoneka kochepa mpaka mutagawa anyamata ndi atsikana. Kwa anyamata kunali 2.7 poyerekeza ndi 7.1. Kwa atsikana kunali 11.9 poyerekeza ndi 12.1, ndiye kuti panalibe kusintha kwenikweni. M'chipindamo munabuka manong'onong'o pamenepa, ena akudabwa kuti atsikana ambiri chotero amavomera kumenya. Mayi wina wogwira ntchito ndi ochitiridwa nkhanza anatikumbutsa kuti funso la pa pepala limawerenga mbama ndi chibakera ngati chinthu chimodzi, silifunsa kuti anavulala ndani, akuopa ndani, kapena ankadziteteza ndani. Kuvulala kwakukulu ndi kukakamizidwa kugonana kumagwera kwambiri atsikana. Komabe mbama ya mtsikana ndi nkhanza ndithu, ndipo phunziro lomwe limayankhula ngati anyamata okha ndiwo amalakwa, anyamatawo amalitsekera makutu.

Tsopano ndifike pa chomwe chinandisintha maganizo. Ku New York, Bruce Taylor, Nan Stein ndi anzawo anayesa pulogalamu yotchedwa Shifting Boundaries m'sukulu 30, pa ana opitirira 2,500 a giredi 6 ndi 7. Anaigawa panayi: ena analandira maphunziro a m'kalasi okha, ena analandira kusintha kwa pa sukulu pokha, ena zonse ziwiri, ena sanalandire kanthu. Kusintha kwa pa sukulu kunali kotere: ana amapatsidwa mapu a sukulu yawo, n'kupaka utoto malo omwe amaopa ndi malo omwe amamasuka, ndiye akuluakulu a sukulu amaika aphunzitsi kapena alonda m'malo oopsawo pa nthawi yake. Panalinso maposita, ndi pangano lolembedwa loletsa mwana wovutitsa mnzake kumuyandikira pa sukulu. Zotsatira zake, maphunziro a m'kalasi paokha sanachepetse nkhanza. Zomwe zinachepetsa ndi kusintha kwa pa sukulu, kaya pakokha kaya pamodzi ndi maphunziro, ndipo nkhanza zokhudza kugonana zochitidwa ndi bwenzi zinatsika ndi pafupifupi theka.

Nafenso anatipatsa mapepala aakulu ndi makrayoni, ofiira a malo oopsa ndi obiriwira a malo omasuka, kuti aliyense ajambule sukulu yake. Ndinajambula makalasi, ofesi, bwalo la masewera, zimbudzi. Nditatenga krayoni yofiira dzanja linaima. Ndagwira ntchito pa sukulu yathu zaka zonsezi, koma malo ofiira omwe ndinali nawo otsimikiza anali awiri okha, ndipo onse ndinawadziwa chifukwa pankachitika ndewu zomwe zinafika ku ofesi. Kuseri kwa kalasi yomaliza ija, kanjira kopita ku zimbudzi za atsikana, m'kalasi momwemo pa mphindi zomwe mphunzitsi wina watuluka wina asanalowe: ndinazindikira kuti ndikungoganizira. Mapu enieni ali m'mitu mwa ana, ndipo sitinawapemphepo kuti atijambulire. Pepala ndi makrayoni si ndalama yoti tingaikambirane nthawi yaitali. Chodula chake n'chakuti mapuwo akabwera, wina wa ife ayenera kusiya kapu yake mu ofesi ya aphunzitsi n'kukaima kuseri kwa kalasi ija nthawi yopuma, lero, mawa, mpaka teremu yonse.

Ina iwiri ndingoidutsa mwachangu. Coaching Boys Into Men imagwiritsa ntchito makochi a masewera. Kochi amapatsidwa makhadi 12, ndipo sabata iliyonse amacheza ndi anyamata ake kwa mphindi pafupifupi 15 za ulemu, za mawu onyoza atsikana, ndi za kuletsa mnzako akamalakwa. Elizabeth Miller anaiyesa m'sukulu 16 za ku Sacramento ku California pa anyamata pafupifupi 2,000. Patatha miyezi itatu nkhanza zinali zisanasinthe, koma patatha chaka zinali zochepa kwa omwe anadutsamo. Green Dot, yomwe Ann Coker anaiyesa m'sukulu 26 za ku Kentucky, imaphunzitsa ana omwe anzawo amawamvera kuti asamangoonerera. Kumeneko kusiyana kunaoneka bwino m'chaka chachitatu ndi chachinayi, pamene nkhanza zokhudza kugonana zinatsika ndi pafupifupi 17 mpaka 21 peresenti. Akanaweruza pa chaka choyamba, akanati yalephera. Gulu la ofufuza lotsogozedwa ndi yunivesite ya Exeter ku England litasonkhanitsa zoyesa 68 za m'maiko osiyanasiyana, linapezanso zomwezo: nkhanza za m'zibwenzi zimatsika, koma zimaoneka pakapita nthawi, osati pulogalamu ikangotha, ndipo kuchulukitsa zigawo za pulogalamu si komwe kumaipangitsa kugwira ntchito. Kuona maso a nkhono n'kudekha. A msungichuma, apa ndikukupemphanitu kuti tikayamba, musadzandifunse zipatso teremu yoyamba.

Anatiuzanso za zomwe sizinayende, ndipo ndinawathokoza chifukwa chosabisa. Ku England anayesa pulogalamu yotchedwa Project Respect m'sukulu zochepa kuti aone ngati ingakulitsidwe, koma sanapitirize chifukwa sukuluzo sizinathe kuichita mokwanira. Aphunzitsi anali ndi ntchito zina zowapanikiza, ndipo nkhaniyi inkangokankhidwira mawa. Ku Western Cape m'dziko la South Africa, pulogalamu ya PREPARE inayesedwa m'sukulu 42, ndi maphunziro 21 ochitika ana ataweruka. Inachepetsako nkhanza zomwe ana ankachitiridwa ndi abwenzi awo, koma ana ambiri sanafike ngakhale pa theka la maphunzirowo. Ndinaganiza za mtsikana wanga uja. Mwana amene akuwerengeredwa mphindi panja ndi yemwe sangatsalire ataweruka, chonsecho ndi yemwe phunzirolo likumufuna kwambiri. Kwa ine nkhani ya nthawi inathera pomwepo: ngati tichita, zilowe m'ndandanda ya maphunziro, osati mu kalabu ya masana.

Tsiku lachitatu linali la ndalama. Ndipereka manambala momwe alili, m'ndalama za eni ake, ndipo ndikuchenjezeni kuti tisawasinthe n'kuwaika mu bajeti yathu, chifukwa malipiro a anthu ndi mitengo zimasiyana dziko ndi dziko. Phindu lake ndi kutionetsa chomwe chimakweza mtengo ndi chomwe chimautsitsa.

Fourth R inadya madola a ku Canada 16 pa mwana aliyense, kuphatikiza kuphunzitsa aphunzitsi, mabuku ndi mavidiyo. Inatsika chotero chifukwa mphunzitsi analipo kale, piriyodi inalipo kale, malipiro ake ankatuluka kale. Kumbali inayo kuli Dating Matters, yomwe bungwe la boma la United States loona za matenda la CDC linayesa m'sukulu 46 za ku Baltimore, Chicago, Alameda County ndi Broward County. Iyi ndi yaikulu: maphunziro a zaka zitatu zotsatizana, maphunziro a makolo, a aphunzitsi, mauthenga ofalitsidwa ndi achinyamata okulirapo, ndi ntchito younika malamulo a m'deralo. Poyerekeza ndi sukulu zomwe zinkangophunzitsa Safe Dates, ana ochitira anzawo nkhanza anachepa ndi pafupifupi 8 peresenti, ochitiridwa ndi pafupifupi 10 peresenti. Mtengo wake unali pafupifupi madola a ku America 145 pa mwana, koma unkasiyana kwambiri, kuchokera pa madola 20 ndi kanthu mpaka kupitirira 300, kutengera dera ndi chaka. Gawo lalikulu linali malipiro a anthu. Kumene ana anali ambiri mtengo pa mwana unkatsika, chifukwa woyang'anira pulogalamu amalipidwa chimodzimodzi kaya ana ndi 200 kaya ndi 2,000. Green Dot, yomwe inkaphunzitsidwa ndi alangizi ochokera kunja kwa sukulu, inadya pafupifupi madola 1.6 miliyoni pa sukulu 13 m'zaka zisanu. Ndipo ku Nairobi, maphunziro asanu ndi limodzi a maola awiriawiri ophunzitsa atsikana kukana, kukuwa ndi kudziteteza anawerengeredwa madola 1.75 pa mtsikana, pamene chithandizo choyamba cha kuchipatala kwa wogwiriridwa mmodzi chinali madola 86. Zoyesa zoyamba kumeneko zinaonetsa kutsika kwa kugwiriridwa, ngakhale kafukufuku wamkulu wotsatira, wa atsikana ocheperapo msinkhu, sanapeze kusiyana koonekeratu.

Kuchokera pa madola osakwana awiri mpaka opitirira 300 ndi mtunda wautali, koma funso lomwe limausiyanitsa ndi limodzi: akuphunzitsa ndani, ndipo nthawi yake akulipira ndani?

Apa ndi pomwe katswiri wa zachuma yemwe ankatitsogolera anatidzudzula aphunzitsife. Tinali titasangalala ndi madola 16 aja, tikuti ndiye kuti n'zotchipa. Iye anati nthawi ya mphunzitsi ikapanda kuoneka pa risiti sizitanthauza kuti ndi yaulere. Piriyodi iliyonse yomwe tapereka ku phunziroli yachotsedwa kwinakwake. Tsiku lomwe mphunzitsi wapita kukaphunzitsidwa, makalasi ake amafuna womugwirira. Mphunzitsi wophunzitsidwayo akasamutsidwa kapena akapuma ntchito, luso lonse limapita naye, mabuku n'kutsala mu kabati. Buku lolembedwera ana a kwina liyenera kumasuliridwa ndi kukonzedwa kuti zitsanzo zake zimveke kwa ana omwe akulimva, ndipo ntchito imeneyo ndi yodula kumayambiriro. Anatiuza kuti tilembe bajeti m'maola tisanailembe m'ndalama. Ndinayesa pomwepo. Aphunzitsi awiri, tsiku limodzi la maphunziro aliyense. Mapiriyodi khumi pa kalasi iliyonse yomwe tasankha, ndi ola limodzi lokonzekera piriyodi iliyonse m'chaka choyamba. Mphindi 20 tsiku lililonse za woima pa malo ofiira. Nditaphatikiza ndinaona kuti mapepala ndi makrayoni ndi kadontho chabe.

Ndipo pali mtengo wina womwe mabajeti ambiri amauiwala, womwe namwino wina anaufotokoza mawu ake akunjenjemera. Mukayamba kuphunzitsa ana kuti zakutizakuti ndi nkhanza, ena adzatsalira m'kalasi kuti akuuzeni kuti zikuwachitikira. Ena adzatchula bwenzi, ena adzatchula munthu wamkulu, ngakhale wa pa sukulu pomwepo kapena wa kunyumba. Ngati palibe munthu wodziwika womulandira mwanayo, chipinda chomwe angayankhulire anzake osamva, ndi njira yodziwika yopitira kuchipatala, kwa oona za chitetezo cha ana kapena kupolisi, ndiye kuti tamutsegulira pakamwa n'kumusiya yekha. Kutero n'koipa kuposa kusayamba n'komwe. Namwinoyo anati ku sukulu yake madandaulo anachuluka chaka choyamba, makolo ena n'kuyamba kunena kuti pulogalamu yabweretsa mavuto. Mavutowo analipo kale. Chinasintha n'chakuti ana anapeza khomo logogodapo.

Anationetsanso mtengo wa kungokhala. Ofufuza a CDC anawerengera kuti ku United States, mayi mmodzi wochitiridwa nkhanza ndi mwamuna kapena bwenzi lake amaonongetsa madola 103,767 pa moyo wake wonse, mwamuna wochitiridwa nkhanza madola 23,414, pophatikiza chipatala, ntchito yotayika, makhoti ndi katundu woonongeka. Dziko lonse la United States pamodzi, madola pafupifupi 3.6 thililiyoni. Poika madola 16 kapena 145 pambali pa manambala amenewa, aliyense aona komwe sikelo ikupendekera. Koma ndikhale woona mtima kwa inu: ndalama zopulumutsidwazo sizibwerera ku sukulu. Sukulu ndiyo imalipira lero, opindula ndi chipatala, khoti ndi banja la mwanayo zaka khumi zikubwerazo. N'chifukwa chake aphunzitsi aakulu ambiri, pomwe mayeso ali pakhomo, amasankha piriyodi ya masamu. Sindiwaweruza. Maboma ena anaona kuti kudalira kufuna kwa sukulu sikukwanira, nakhazikitsa malamulo. Chigawo cha Rhode Island ku United States chinatero mu 2007 ndi lamulo lotchedwa dzina la Lindsay Ann Burke, mtsikana wa zaka 23 yemwe anaphedwa mu 2005 ndi mwamuna yemwe anali bwenzi lake, ndipo limalamula sukulu kuphunzitsa za nkhanzazi kuyambira giredi 7 mpaka 12. Ku England maphunziro a za maubwenzi anakhala okakamiza m'sukulu kuyambira mu 2020. Koma lamulo limangolamula kuti phunziro likhalepo. Silimuphunzitsa mphunzitsi choyankha mwana akatsalira m'kalasi.

Makolo anzanga, ndikudziwa nkhawa yomwe ena mwa inu munaitula tisanagwirizane zonditumiza, yoti kukamba za zibwenzi m'kalasi n'kuwapatsa ana chilolezo. Ndinaifunsa kumeneko monga munandiuzira, osaichepetsa. Yankho linali lakuti bungwe la UNESCO, litaunika kafukufuku wa m'maiko ambiri mu 2018, linapeza kuti maphunziro a za maubwenzi ndi kugonana ophunzitsidwa bwino sapangitsa ana kuyamba zogonana msanga kapena kuchulukitsa. Ndinaonanso ndekha zomwe zili m'maphunzirowo. Ambiri sakamba n'komwe za kupeza bwenzi. Amakamba za malire a thupi lako, za kuugwira mtima ukapsa, za kusiyanitsa kupempha ndi kukakamiza, za chochita mnzako akakuululira kuti akuopa. Kholo lomwe limaletsa mwana wake zibwenzi lipitirize kutero, palibe akulilanda udindo. Koma tonse tikudziwa kuti ana ena ali nazo kale mobisa, ndipo kubisako ndi komwe wankhanza amadalira. Mtsikana yemwe akudziwa kuti akaulula adzayamba wakalipiridwa chifukwa chokhala ndi chibwenzi, amasankha kupirira. Ndikupempha kuti maphunziro onse omwe tingasankhe, makolo muwaone kaye ndi maso anu, tsamba ndi tsamba, asanafike kwa ana.

Kunja kwa holo kunali matebulo a ogulitsa mapulogalamu, ndipo ena anali okopa kwambiri: mlendo wodziwa kuyankhula abwere tsiku limodzi, ana onse asonkhane, pakhale nyimbo, malaya olembedwa uthenga, zithunzi zokongola zoika mu lipoti la pachaka. Ndinafunsa awiri ngati zawozo zinayesedwapo poyerekeza ndi sukulu zomwe sizinalandire. Onse anandionetsa mapepala osonyeza kuti ana anasangalala ndiponso anayankha bwino mafunso tsiku lomwelo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kudziwa yankho lolondola masana a tsiku la msonkhano n'kosiyana ndi kubweza foni ya mnzako osaitsegula patatha chaka. Pa mapulogalamu onse omwe ndatchula kuti anachepetsa nkhanza, palibe ngakhale imodzi ya tsiku limodzi. Ndikupempha komiti kuti ndalama yathu yochepayo isapite kumeneko, ngakhale wina atadzatipatsa mwa theka la mtengo.

Zomwe ndikupempha kuti tivomereze ndi izi. Tiyambe ndi kusankha munthu wolandira ana, wamkazi ndi wamwamuna ngati n'kotheka, ndi kulemba pa pepala limodzi njira yomwe nkhani idzayende mwana akaulula, kuphatikizapo pamene wotchulidwayo ndi wogwira ntchito pa sukulu. Izi zithe tisanaphunzitse phunziro ngakhale limodzi. Zikatha, ana atijambulire mapu, anyamata paokha atsikana paokha, osalemba maina, ndipo ife tilonjeze kuti pasanathe sabata ziwiri adzaona munthu wamkulu ataima pomwe apaka zofiira. Akapanda kumuona, sadzatijambuliranso. Maphunziro a m'kalasi abwere pambuyo, m'makalasi a ana ocheperapo msinkhu, ophunzitsidwa ndi aphunzitsi athu omwe, awiri osati mmodzi, kuti wina akachoka lusolo litsale. Makochi a masewera ndiwafikira ndekha, poti zawozo n'za mphindi zochepa pa sabata. Ndipo tigwirizane lero kuti tidzachita zaka zitatu tisanaweruze, tikufunsa ana mafunso omwewo chaka ndi chaka pa pepala lopanda dzina, kuti tisadzadalire zongomva.

Mapepala onse omwe ndinabwera nawo, pamodzi ndi mapu anga osatha aja ndi bajeti ya maola, ndawasiya kwa a mlembi kuti aliyense awaone. A mphunzitsi wamkulu, ndikupempha kuti pa msonkhano wathu wotsatira mudzabwere ndi ndandanda ya maphunziro ya teremu ikubwerayi, tidzaone pamodzi komwe mapiriyodi khumiwo angachokere, chifukwa pamenepo ndi pomwe tidzakangane, ndipo ndi bwino tikangane tsopano. Pa aphunzitsi awiri oti akaphunzitsidwe, ngati komiti ivomera, lembani dzina langa. Kuseri kwa kalasi yomaliza kuja ndiyamba kuimako Lolemba, mapu asanabwere.